Ometedwa ndi Osametedwa

Lachitatu, 9 Julayi

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Zilembo zake ndi zija ndimabweza kwa ana kuti akalembenso. Lamanja lagona pa bulangeti, ndikaliuza kuti dzuka silimva.

Ndinagwa Loweruka pakhonde kwathu kwa Dzoole ndikuswa mtedza. Akuti ndi sitiroko, bipi inakwera mopitirira. Mwendo ukukoka pang'ono, pakamwa panakhota koma pakubwerera. Mapiritsi m'mawa ndi madzulo. Mchere andiletsa.

Nesi wa m'mawa akunditchula kuti "bedi ya pawindo". Dzina langa ndi Lenia Kachigamba, ndipo ndinayamba kuphunzitsa sitandade 1 iyeyo asanabadwe.

Lachinayi, 10 Julayi

Ahedi abwera ndi nzimbe. Munthu wa dzanja limodzi nzimbe aisenda bwanji? Yadyedwa ndi Luckness, mng'ono wanga amene akundidikirira kuno.

Atapepesa mokwanira anafika pa chimene anadzera. Sukulu zitsegulira mu Seputembala. Ngati pofika nthawiyo sindikutha kulemba pa bolodi, ayenera kukanena ku ofesi ya maphunziro, ndipo kumeneko akandipumitsa ntchito pa chifukwa cha matenda. Sananene mwankhanza. Kalasi yanga ilibe mabuku okwanira, ana amaphunzira kulemba potengera dzanja langa. Akatengera lamanzereli ndiye kuti ndawononga mudzi wonse.

Nkhani yonse ndi imeneyo. Dzanja ligwire choko Seputembala asanafike.

Lachisanu, 11 Julayi

Kwabwera dokotala wa kafukufuku wochokera ku Lilongwe, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, a Dokotala Veronika. Anatisonkhanitsa amayi tonse a sitiroko amene manja anafa. Ali ndi kabokosi kokhala ngati wailesi ya m'thumba, koyendera batire. Akuti kamatumiza magetsi ochepa kwambiri kudzera m'masiponji onyowa oikidwa pamutu, osaboola, osang'amba, ndipo mwina ubongo umaphunzira msanga kulamulanso dzanja.

"Ndanena kuti mwina," anatero. "Ngati kamathandiza sitikudziwa, n'chifukwa chake tikufufuza. Theka la inu lilandira magetsi enieni. Theka linalo, makina ayaka pang'ono, mumva kuyabwa, kenako azima okha inu mutavalabe. Tachita maere. Ine sindidziwa kuti ndani ali kuti, a Rodrick okupangitsani mafizo sadziwa, inunso simudziwa. Odziwa ndi a Langton okha, poti ndiwo otchera makina."

Ndinakweza dzanja, lamanzere lomwelo. "Ndiye enafe mukutinamiza?"

"Wonamiza sanena, amayi. Ine ndanena poyera. Munthu akakhulupirira kuti walandira mankhwala amalimbikira, ndipo kulimbikirako pakokha kumachiza. Kuti tidziwe za makinawa, magulu awiriwa afanane pa chilichonse kupatula magetsi okhawo. Chakudya chimodzi, mafizo ofanana, chiyembekezo chofanana."

Ndinamva. Makalasi awiri sungawayerekeze ngati lina walipatsa mayeso apafupi. Ndavomera. Posaina andidindisa chala. Ine, mphunzitsi, chala cha inki! Ndinayang'ana kukhoma.

Lolemba, 14 Julayi

Tsiku loyamba. Timalowa mmodzimmodzi m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde. A Langton ndi bambo wa imvi m'mbali, waulemu mpaka kutopetsa, katekisiti wa tchalitchi china chaching'ono chakonkuno. Amanyika masiponji awiri m'madzi a mchere. Ina amaika kumanzere kwa mutu pamwamba pa khutu, ina pamphumi kumanja, n'kumanga ndi lamba wa labala. Tsitsi analipatula ndi chipeso. Poyamba kunayabwa ngati nyerere zikuyenda, kenako ndinasiya kumva. Anati zimatero kwa aliyense, thupi limazolowera. Mphindi makumi awiri, kenako molunjika kwa a Rodrick.

Kwa a Rodrick ndi kufinya kampira, kutambasula zala pa tebulo, kutola nyemba m'mbale kuika m'kapu. Sindinatole ngakhale imodzi. Thukuta lokha ndi limene ndinaonetsa.

Mchere wondiletsa m'ndiwo akundithira m'mutu.

Lachitatu, 16 Julayi

Kuzizira. Mphepo ya m'mapiri muno ikulowera pa galasi losweka pamutu panga penipeni.

Bedi ya kumanja kwanga kuli amayi Elizabeti a kwa Msakambewa, alimi a fodya, pakamwa sipatseka. Amayamba kolona m'bandakucha ndipo amafika pakati n'kuyamba kufotokoza za mpongozi wawo. Kumanzere kuli Rebeka wa ku Kasakula, wogulitsa mandasi pamsika, wamng'ono kwa ine, ana atatu kunyumba. Salankhula kwambiri. Amagwira kampira ngakhale pogona.

Amayi Elizabeti abwera kuchokera kumakina atametedwa kachigawo pamwamba pa khutu. Akuti makina amangolira, a Langton anapepesa kasanu n'kutenga lezala. Atadziona pa galasi anati, "Aa, ngati chipere! Chotsani lonse." Gadiyani wawo wawameta mpala. Tinaseka mpaka nesi anabwera kudzatikalipira.

Loweruka, 19 Julayi

Chala chachikulu chagwedezeka! Ndinaitana Luckness kuti aone, chinakana. Atatembenuka chinagwedezekanso. A Rodrick aona okha ndipo alemba.

Amuna anga a Bonifasi abwera ndi mbatata yootcha ndi nthochi. Ndinawaonetsa chala, anachiyang'ana ngati chabala mwana. Anati, "Amake Yamikani, makinawa ndi amphamvu." Inenso ndinatero mumtima. Madzulo ndafinya kampira mpaka mkono kuwawa, ine ndi Rebeka tikupikisana.

Lachiwiri, 22 Julayi

Ndili ndi ukali woti sindingathe kudya.

Luckness wabwera kuchokera kukhitchini kwa magadiyani nkhope ili ndwii. Kumeneko, pomwe amaphikira pamodzi, palibe chinsinsi chimene chimagona. Akuti aona kale kuti m'wodi muno muli ometedwa ndi osametedwa. Ometedwa onse akuti makina analira mpaka tsitsi litachoka. Osametedwa, makina sanadandaule chilichonse. Komanso ometedwa amatuluka ndi chizindikiro cha siponji pamphumi chokhala mpaka masana, pamene ife chathu chimatha tisanafike kwa a Rodrick.

"Achemwali," anatero Luckness, "magetsi akamadutsadi, tsitsi limatchinga. Kwa inu sakudutsa, n'chifukwa chake silitchinga."

Ndinamuuza kuti asiye miseche ya pamoto. Kenako ndinayang'ana mitu ya m'wodi monse, bedi ndi bedi. Rebeka nayenso amayang'ana. Tsitsi lake lili bwinobwino, lolukidwa, ngati langa.

Lachitatu, 23 Julayi

Ndawafunsa a Langton akundimanga lamba.

"Ine mundimeta liti?"

"Inu palibe chifukwa, amayi."

"Bwanji palibe chifukwa?"

Anayamba kufunafuna chinthu m'kabati. "Tsitsi lanu ndi lofewa."

Tsitsi langa lofewa! Lathyola zipeso kuyambira ndili namwali. Ndinakhala mphindi zonsezo masiponji ali pamutu, madzi akutsikira m'khosi, ndikudziwa kuti kabokosiko kagona tulo. Sindinamvepo kupusitsidwa kotere chibadwire.

Lachisanu, 25 Julayi

A Dokotala Veronika anadutsa. Tonse tinamanga maduku monga timachitira kukabwera mlendo. Anafunsa ngati mutu ukuwawa, ngati pakhungu papsa, anayamikira, anakwera galimoto. Za kumeta sindinatchule. Ndiwauze chiyani chimene sakuchidziwa? Ndi kafukufuku wawo.

Kwa a Rodrick sindinapite.

Lolemba, 28 Julayi

Wodi yagawikana. Ometedwa amakhala padzuwa pamodzi, mitu ili psetepsete, timipira m'manja. Adzipatsa dzina, akuti "a magetsi". Kwa a Rodrick amafika chitseko chisanatsegulidwe, ndipo akatuluka amapitiriza kutola nyemba pa mabedi awo. Achibale awo akumva kuti iwo ndiwo alandira zenizeni, ndiye akubwera ndi nkhuku.

Ife tikuchedwa kudzuka.

A Rodrick anandilondola kubedi. "Madamu, mafizowa ndi anu, si a makina. Masabata oyambirirawa ndiwo amene dzanja limamva. Mukawataya sabwerera."

"Pitani kwa ophunzira anu anzeru," ndinatero. "Ife ndife odzaza kalasi."

Anati iwo sakudziwa za magulu. Ndinawalozera mutu wa amayi Elizabeti. Anatseka maso n'kunena kuti, "Musandiuze, chonde musandiuze." Koma anali atamva kale. Ndaona kuti tsopano akamagwira dzanja la wometedwa amachedwapo, amaliyembekezera. Sindikuti amachita dala. Inenso m'kalasi, mwana amene ndauzidwa kuti ndi wanzeru ndimamudikira kuti ayankhe.

Lachinayi, 31 Julayi

Rebeka wapita.

Mwamuna wake anabwera pa njinga yamoto. Anati kunyumba ana akudya kwa anthu, malo ake a pamsika wina watenga, ndipo iye wakhala pano kunyowetsedwa mutu ndi madzi a mchere. Anesi anamunyengerera Rebeka kuti akhale. Iye anangoti, "Akanakhala a magetsi ndikanapirira." Kampira anakasiya pa pilo.

Sindinamuletse. Ndikanamuuza chiyani? A Bonifasi okha ndiwo akundikaniza kutuluka, akuti kuno akuyeza bipi tsiku lililonse.

Lamulungu, 3 Ogasiti

Bipi ili bwino. Dzanja chimodzimodzi. Sindinapite ku Misa ya m'chipatala.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Kumakina ndimapita chifukwa amabwera kudzanditenga. Kwa a Rodrick ndapita kamodzi sabata ino. Zala zayamba kupindikira mkati. Luckness amaziwongola, zimabwerera.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Amayi Elizabeti adya phala ndi supuni, dzanja lawo lodwalalo. Theka linathera pa chitenje koma anafikitsa kukamwa. Wodi yonse inalulutira. Inenso ndinalulutira, kenako ndinafunda bulangeti kumutu. Nsanje ndi yoipa, koma ndinali nayo.

Anabwera kudzakhala pa bedi yanga.

"Aphunzitsi, mukulira?"

"Chimfine."

"Tamverani. Ine ndaganiza. Bambo uja ndi wamanyazi, sangayambe yekha kumeta mphunzitsi. Bwanji mungometa nokha? Akaona mpala adziwa kuti mwakonzeka, akutsegulirani. Magetsi ake atha? Si a batire omwewo?"

"Anachita maere, amayi."

"Maere a chiyani? Kwathu feteleza akachepa timagawana, wina kapu, wina kapu. Zoti wina adye wina aziyang'ana, m'chipinda chimodzi, ndi zachilendo."

Ndikudziwa kuti si mmene anatifotokozera. Koma Seputembala sakudikira, ndipo palibe wina amene wandipatsa nzeru ina.

Loweruka, 9 Ogasiti

Tameta.

Kuseri kwa wodi, pomwe timayanika zovala, masana dzuwa litafunda. Gadiyani wa amayi Elizabeti anagula malezala pa geti, aliyense lake. Osametedwa tonse tinakhala pa benchi motsatana. Mayi wina wachikulire wa ku Ntchisi anazengereza, anati iye chimetereni ndi pa maliro a mwamuna wake. Kenako anavula duku yekha n'kunena kuti, "Dzanja ndi tsitsi chofunika n'chiti?"

Langa linagwa pa chitenje, la imvi zambiri kuposa mmene ndimaganizira. Mphepo inandiwomba pa liwombo, ndinamva ngati ndavula. A magetsi anatizungulira akuimba, akuti tabatizidwa. Kwa nthawi yoyamba chichokereni Rebeka wodi inaseka pamodzi. Madzulo ndinatenga kampira ka Rebeka n'kufinya. Zala zinauma, zinawawa.

Lamulungu, 10 Ogasiti

A Bonifasi anafika potuluka Misa. Anandipeza ndilibe duku, Luckness atapita kukachapa. Jumbo ya mbatata inagwa pansi.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe."

"Amake Yamikani, musandibisire. Ndi Yamikani? Ndi amayi anu?"

Anayang'ana mabedi ena, mitu yonse mipala. Ndinawafotokozera. Mantha atatha kunabwera mkwiyo.

"Ndiye mwameta ine ndili moyo? Anthu a kumudzi akaona anena kuti mukundifulumiza. Alongo anga akamva ndiwayankha chiyani?"

"Muwayankhe kuti ndikufuna dzanja langa."

Pochoka anavula chipewa chawo cha ubweya n'kundiveka, akuti mutu uzizidwa. Sanatsanzike bwino.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndinalowa woyamba. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Ndakonzeka, bambo. Tsegulani."

A Langton anaima ndi siponji ikudontha m'manja. Anasuzumira pakhonde, anaona mzere wonse, anakhala pansi pa mpando wa odwala.

"Mayi, mwachita chiyani?"

"Zimene munkachita manyazi kuchita."

"Kumeta sikusintha gulu. Gulu linatuluka pa maere. Ngakhale mumete nsidze, ine sindingasinthe."

Ndinafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani ankameta ena n'kusiya ena. Anayankha akuyang'ana pansi. Akuti makina akamayenda nthawi yonse amafuna siponji ikhudze khungu, tsitsi likachuluka amalira. Kwa enafe amazima msanga, ndiye salira. "Ndinaganiza kuti mayi wa mwini, mwamuna wake ali moyo, ndimumete mutu popanda chifukwa? Kwawo akamufunsa za maliro? Amene ndinawameta ndinawameta mtima ukuwawa. Inu ndimakuchitirani chifundo."

Chifundo! Ndinawauza kuti chifundo chawocho chapitikitsa Rebeka. Ndinawauza kuti akanapachika chikwangwani pakhosi panga cholemba kuti "uyu ndi wonamizidwa" bwenzi zili chimodzimodzi. Ndinanena zambiri zimene sindilemba muno poti ndi katekisiti. Anatseka makina, anatibweza tonse, ndipo ndinawamva pakhonde akuimbira foni a dokotala. Kumeneko kokha ndiwayamikire, anadzinenera okha.

Tsitsi langa lili kudzala, popanda phindu.

Lachitatu, 13 Ogasiti

A Dokotala Veronika afika m'mawa. Anatipeza tonse tili m'maduku ngati kale. Asanalankhule ndinavula langa. Amayi Elizabeti anavula lawo, kenako wodi yonse. A dokotala anayenda bedi ndi bedi akuyang'ana. Anafunsa kuti ndani anametedwa ndi a Langton, manja anakwera. Anafunsa kuti tinadziwa liti. Nditawauza anagwira m'chiuno n'kupuma mwamphamvu.

"Nthawi zonse ndimabwera kuno, mitu yanu sindinaionepo," anatero.

"Munafuna tikulandireni mitu ili pamtunda?" ndinatero. "Munabwera ndi makina ochokera kutali, munatiphunzitsa za maere, koma simunafunse kuti mzimayi wa kuno amameta liti. A Langton amadziwa, inu simumadziwa, ndipo simunakhalepo pansi kuti mufunsane."

"Mukunena zoona. Ndinaganiza za kuyabwa, ndinaonetsetsa kuti nonse mumve. Za tsitsi sindinalembe chilichonse, ndinangoti siponji ikhudze khungu. Ndikanati aliyense ametedwe kachigawo kofanana, wa magetsi ndi wopanda magetsi. Ndikanati pamphumi paziphimbidwa potuluka. Ndiponso wogwira mitu yanu sankayenera kudziwa gulu lanu. Kulakwa ndi kwanga, musawadye a Langton okha."

Ndinafuna akane kuti ndipeze poyambira. Munthu wovomera amakusiya ndi mkwiyo wako m'manja.

Amayi Elizabeti anakweza supuni yawo. "Koma adokotala, makinawo akugwira ntchito. Taonani ine."

"Ndikusangalala nanu, amayi. Koma inu mwapanga mafizo tsiku lililonse, m'mawa, masana, madzulo. Anzanuwa anasiya. Dzanja lanu lachira ndi magetsi, kapena ndi nyemba zimene munatola kuposa anzanu, kapena likanachira lokha? Sindingathenso kusiyanitsa. Ndikalemba kuti makina amachiza, zipatala zigula makina, mwina pomwe chofunika ndi a Rodrick ambiri. Zonse za wodi ino sindingazigwiritse ntchito."

Amayi Elizabeti anatsitsa supuni pang'onopang'ono. "Ndiye inenso ndametedwa chabe?"



Kafukufuku waima. A dokotala akuti akanena kwa akuluakulu oona za kafukufuku, akavomereza ayambiranso ndi odwala atsopano. Ife tikhalabe kuno kupanga mafizo mpaka kumapeto kwa mwezi, osalipira.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ndabwerera kwa a Rodrick, kawiri pa tsiku. Kuwongola zala kukuwawa mpaka misozi. Chala chachikulu chija chinagwedezeka mu Julayi, popanda magetsi aliwonse, tsopano chayambanso pomwe chinalekera, mwina kumbuyo pang'ono. Apa m'pamene pakundipweteka. Chinali kuchira chokha, ine ndi kampira basi, ndipo ndinachisiya chifukwa cha mutu wa mnzanga.

A Rodrick sananene kuti "ndinakuuzani". Akananena ndikanawaponyera kapu ya nyemba.

Lolemba, 18 Ogasiti

Nyemba zitatu m'kapu. Mutu ukuyabwa, tsitsi likumera ngati kapinga wopsa. Amayi Elizabeti achepetsa nkhani. Amapitabe ku mafizo koma dzina lija la "a magetsi" palibe akulitchula.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Rebeka wabwera kudzatenga mapiritsi a bipi, ndipo a dokotala anatumiza uthenga kuti adzamuone. Analowa m'wodi kudzatipatsa moni. Ataona mitu yathu anaseka, tinamufotokozera, anasiya kuseka.

Dzanja lake lafumbata. A Rodrick anayesa kulitsegula, iye anakuwa. Zikhadabo zalowa m'chikhatho, muli chilonda. Chichokereni sanaligwiritse ntchito, amangolimanga m'chitenje pachifuwa. Mandasi akukazinga mwana wake wamkazi amene wasiya sukulu.

Anandifunsa chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, ndiye amene analandira enieni, si magetsi anawachiza?"

"Akuti sakudziwa."

"Nanga ine ndinathawiranji?"

A dokotala anamupempha kuti agone kuno apange mafizo. Anati sangathe, kunyumba kulibe munthu. Ndinamubwezera kampira kake. Analandira ndi dzanja lamanzere n'kukaika m'jumbo pamodzi ndi mapiritsi. Ndakwiya ndi a Langton, ndakwiya ndi a dokotala, ndakwiya ndi khitchini ya magadiyani, ndipo mkwiyo wonsewu sukutsegula chala chimodzi cha Rebeka.

Lachisanu, 22 Ogasiti

A dokotala anatifunsa, ife oyambirira, kuti akadzayambiranso achite bwanji. Nzeru zabwera tsopano. Akuti aliyense adzametedwa kachigawo kamodzi kofanana, ndipo adzauzidwa asanavomere, mwamuna wake kapena achibale ali pomwepo, kuti pasadzakhale za maliro. Wokana kumeta sadzalowa. Makina adzatcheredwa ndi munthu wina kuseri, womanga lamba sadzadziwa. Pamphumi adzamanga kansalu mpaka madzulo.

Amayi Elizabeti anati, "Ndiye muzidyera nawo kukhitchini kwa magadiyani kamodzi pa sabata. Kumeneko ndiye ku ofesi." A dokotala analemba zimenezo osaseka.

Ine ndinati odwala azivula maduku dokotala akabwera. Zabwino zonsezi adzalandira anthu ena, amene sitiroko sinawagwire n'komwe panopa.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Nyemba za m'kapu zikuchuluka. Supuni ndikugwira koma imatembenuka. Luckness wagula choko ku golosale ya pa geti. Ndikuyesa pa simenti ya khonde anthu akapita kukadya.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Tsiku lotuluka. Ahedi anabwera pamodzi ndi a Bonifasi, poti ku ofesi akufuna yankho sabata ya mawa. A Rodrick anaimika kabolodi kukhoma, pa msinkhu wa bolodi ya m'kalasi. A dokotala analipo. A Langton anaima pakhomo, sanalowe.

Ndinagwira choko ndi zala zitatu. Mkono unakwera. Ndinalemba "a", wonenepa, wopendekera, koma "a". Ndinayamba "e". Pakati pake zala zinatseguka zokha, choko chinagwa n'kuduka. Luckness anatola chidutswa, ndinayesanso, chinagwanso. Kachitatu mkono unakana kukwera.

Ahedi anatsokomola. Anati akayesa kupempha kuti andidikire teremu imodzi, koma sakulonjeza, ndipo kalasi ayipereka kwa wina. Ana anga a chaka chino adzatengera dzanja la munthu wina.

Ndinatembenukira kwa a dokotala. Ndinali ndi funso limodzi lokha.

"Ndikanapanda kusiya mafizo masabata aja, bwenzi lero ndalemba?"

"Mwina. Sindikudziwa, amayi."

"Nanga ndikanakhala wa magetsi?"

"Sindikudziwanso."

"Munabwera kuno kudzadziwa," ndinatero. "Tinakupatsani mitu yathu kuti mudziwe."

Anati pepani. Ndinaona kuti akunena zochokera mumtima, koma sindinawakhululukire. Mwina tsiku lina.

Minibasi ya kwa Dzoole imadutsa masana. Luckness anatsogola ndi katundu. Ndinatenga duku kuti ndiphimbe mutu tisanafike pakati pa anthu, ndinaliponya kumutu ndi lamanzere, koma mfundo ya kumbuyo imafuna manja awiri. Ndinayesa, linatsetsereka. Ndinayesanso. A Bonifasi anaika jumbo pansi, anaima kumbuyo kwanga, bambo amene sanamangepo duku chibadwire, n'kuyamba kulimbana nalo amayi a wodi yonse akuyang'ana.

"Kumanga kwake n'kotere?" anafunsa.

"Mwakhwimitsa," ndinatero. "Koma lisiyeni, tiyeni."